Kodi kulemba za atolankhani anzako ndi ntchito kapena ndi miseche?

Funso: Akulu, ndine mtsikana wa zaka 22 ndipo ndikumaliza maphunziro a utolankhani mumzinda wa Blantyre. Ndili ndi tsamba pa Facebook pomwe ndimalemba zimene ndaona pa nkhani za pa kanema: amene wafunsa mafunso ogwira mtima, amene wanyengerera nduna, nkhani imene onse ailambalala. Chidwichi ndinachitengera kwa Brian Stelter wa ku CNN, yemwe ndinamva kuti anayamba ali pasukulu ngati ine. Koma malume anga, amene anagwirapo ntchito pa wailesi, akuti zimenezi ndi miseche ndipo palibe adzandilembe ntchito. Akuti ngakhale Stelter yemweyo anachotsedwa. Kodi ndi zoona? Anayenda bwanji munthu ameneyu? Ndisiye kapena ndipitirize?

Yankho: Zikomo achemwali, ndipo mtima ukhale m'malo. Malume anu sananame, Stelter anachotsedwadi ku CNN mu Ogasiti 2022. Chimene sanakuuzeni ndi choti patatha zaka ziwiri kampani yomweyo inamuitananso. Ndipo ntchito imeneyi si miseche. Ku America nyuzipepala zikuluzikulu zimakhala ndi mtolankhani amene gawo lake ndi nyumba zofalitsa nkhani basi, monga mmene wina amakhalira wa zamasewero, wina wa zachuma. Bill Carter anatha zaka zoposa 20 akulemba za kanema ku New York Times. Howard Kurtz anachita zofanana ku Washington Post. Sanali anthu oyendayenda ndi mabodza, anali atolankhani olemekezeka amene mabwana a wailesi za kanema ankachita nawo mantha akawaimbira foni. Komabe mantha a malume anu ali ndi pogwira, ndipo mbiri ya Stelter ikuonetsa bwino pamene pali phindu ndi pamene pali dzenje.

Anabadwa mu 1985 m'boma la Maryland. Mu Januwale 2004, ali ndi zaka 18, m'chaka chake choyamba pa Towson University, anatsegula tsamba la pa intaneti lomwe analitcha CableNewser, lolemba za makampani a nkhani za pa kanema monga CNN ndi Fox News. Poyamba sanaikepo dzina lake, podziwa kuti akuluakulu a ku New York sakanawerenga zolemba za mwana wasukulu. Ambiri ankaganiza kuti wolembayo ndi munthu wa m'kati mwa imodzi mwa makampaniwo. Chaka chisanathe dzina lake linadziwika, kampani ya Mediabistro inatenga tsambalo n'kuyamba kumulipira, ndipo dzina linasintha kukhala TVNewser chifukwa tsopano ankalembanso za makampani ena akuluakulu a kanema, NBC, ABC ndi CBS.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa achinyamata ambiri amene amabwera kwa ine ndi mbiri imeneyi amangomva zoti mnyamata anatchuka ndi intaneti. Funso ndi loti ankalembapo chiyani. Kwenikweni sanali maganizo ake. Zinali zinthu zitatu: ziwerengero za anthu oonera, makalata a mabwana opita kwa ogwira ntchito amene wina wamutumizira mobisa, ndi nkhani zoti uje wachoka uku wapita uku. Anaika pa tsambalo kabokosi kamene munthu aliyense akanatha kulembamo uthenga osatchula dzina, ndipo ojambula, olemba ndi okonza mapulogalamu a m'nyumba zimenezo ndi amene ankamutsina khutu. Ankalemba kangapo pa tsiku, asanapite m'kalasi, potuluka, mpaka usiku. Owerenga ake enieni sanali anthu wamba. Anali anthu omwewo amene ankawalembawo, ofuna kudziwa zimene zikuchitika pakhomo la anzawo, nthawi zina ngakhale pakhomo pawo pomwe.

Za ziwerengerozi ndifotokoze pang'ono, chifukwa popanda izo simungamvetse chilichonse cha kanema wa ku America. Kuli kampani yotchedwa Nielsen imene imayeza kuchuluka kwa anthu amene aonera pulogalamu iliyonse, pogwiritsa ntchito makina oikidwa m'makomo osankhidwa. Zotsatira za usiku wa dzulo zimatuluka lero, ndipo bwana aliyense amaziyembekezera mtima uli m'mwamba. Otsatsa malonda sayang'ana kwambiri chiwerengero cha onse, amayang'ana a zaka zapakati pa 25 ndi 54, poti amati ndiwo ogula katundu. Ndiye wailesi ikhoza kukhala ndi oonera ambiri koma achikulire, n'kumapeza ndalama zochepa pa malonda kuposa mmene mungaganizire. Palinso gwero lina lalikulu la ndalama: makampani amene amafikitsa matchanelo m'makomo amalipira CNN, Fox News ndi anzawo mwezi ndi mwezi pa khomo lililonse, kaya eni khomowo amaonera kaya ayi. Anthu akamasiya kulipira matchanelo otere n'kusamukira ku intaneti, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, ndalama imeneyo imaphwa. Muulutsi akachotsedwa, pulogalamu ikasuntha ola, wailesi ikayamba kukalipa kuposa kale, kawirikawiri yankho lake limakhala m'manambala amenewa. Stelter anawadziwa ali mwana, ndipo anadziwanso kuti ofalitsa uthenga wa kampani iliyonse amatha kutenga manambala omwewo n'kulengeza kuti apambana. Wina amasankha ola limodzi lomwe anachita bwino, wina amafananiza ndi sabata yomwe inali yoipa chaka chatha. Mtolankhani wa gawoli ntchito yake ndi kuika manambala onse poyera kuti wowerenga adzionere yekha.

Mu Novembala 2006 New York Times inalemba za iye pa tsamba loyamba, ndipo atangomaliza sukulu mu 2007 nyuzipepala yomweyo inamulemba ntchito ali ndi zaka 21. Kwa ine zaka zisanu ndi chimodzi zimene anakhala kumeneko ndi zimene zinamusandutsa mtolankhani. Pa tsamba lake akanatha kuika mphekesera n'kuikonza madzulo. Ku Times kunali akonzi ofunsa kuti wakuuza ndani, alipo wachiwiri, mwini nkhani wamufunsa? Anagwira ntchito pafupi ndi David Carr, mlembi wa gawo lomweli amene anamwalira mu 2015, ndipo awiriwa amaoneka limodzi mu filimu ya mu 2011 yonena za nyuzipepalayo. Achemwali, mfundo iyi musaidumphe: tsamba linamutsegulira khomo, koma luso analipeza pansi pa akonzi.

Nkhani imene inamukweza kwambiri nthawi imeneyo ndi ya mapulogalamu a m'mawa. Pulogalamu ya Today ya NBC inakhala patsogolo masabata 852 otsatizana, zaka 16, mpaka mu Epulo 2012 pamene Good Morning America ya ABC inaidutsa. Mapulogalamu a m'mawa ndiwo amabweretsa ndalama zochuluka m'magawo a nkhani a makampaniwa, choncho ku NBC kunayaka moto. Mu Juni chaka chomwecho Stelter analemba kuti mabwana akukonza zochotsa Ann Curry pampando wa muulutsi, iye akuonekabe pa kanema m'mawa uliwonse. Patangopita masiku ochepa mayiyo anatsanzika akulira pamaso pa dziko lonse, ndipo oonera ambiri anakwiya ndi mmene anamuchitira. Stelter analemba buku la nkhondo imeneyi lotchedwa Top of the Morning mu 2013, ndipo pambuyo pake Apple inaligwiritsa ntchito pokonza sewero lake la pa kanema. Taonani kuti nkhani imeneyi ikanatha kulembedwa ngati miseche ya amene amadana ndi uje. Chinaipatsa ulemu ndi choti inalumikiza misozi ya munthu mmodzi ku ndalama ndi zisankho za mabwana.

Kumapeto kwa 2013 anasamukira ku CNN kukatsogolera Reliable Sources, pulogalamu ya Lamlungu lililonse yowunika ntchito za atolankhani, imene inayamba mu 1992. Analowa m'malo mwa Howard Kurtz, amene anapita ku Fox News. Malipiro ndi kutchuka zinakwera, koma m'kuona kwanga apa ndi pamene vuto linayambira. Ali ku New York Times ankaonera makampani a kanema ali panja. Tsopano anali ngati woyimbira mpira amene malipiro ake amalandira kwa imodzi mwa matimu awiri ali m'bwalo. Akadzudzula Fox, anthu ankati akumenyera nkhondo bwana wake. Akalemba za CNN, aliyense ankayeza ngati wafewetsa mawu.

Kenako kunabwera Donald Trump, amene mu Febuluwale 2017 anatcha nyumba zina zofalitsa nkhani, CNN ili m'gulumo, adani a anthu a ku America. Stelter anasankha kuyankha, ndipo sabata ndi sabata pulogalamu yake inkakamba za Trump ndi Fox News. Mu 2020 anatulutsa buku lonse la ubale wa awiriwo. Zambiri zimene ankanena zinali zoona ndipo zinkafunika kunenedwa. Koma mtengo wake unali woti theka la dzikolo linasiya kumuona ngati mtolankhani, linayamba kumuona ngati wa mbali inayo. Aulutsi a ku Fox ankamunyoza pa kanema, mpaka kumuseka maonekedwe. Munthu amene anayamba ndi kulemba za ena anasanduka nkhani iye mwini.

Mayeso aakulu anabwera kuchokera m'nyumba momwe. Mu 2021 zinadziwika kuti Chris Cuomo, muulutsi wotchuka wa CNN, ankathandiza mchimwene wake Andrew Cuomo, bwanamkubwa wa New York, kuyankha madandaulo a amayi amene ankamuneneza za nkhanza zokhudza kugonana. Ambiri anadzudzula Stelter kuti pa nkhani imeneyi anayenda mofatsa kuposa mmene akanachitira ikanakhala ya ku Fox. Cuomo anachotsedwa mu Disembala 2021. Mu Febuluwale 2022 mkulu wa CNN, Jeff Zucker, anatula pansi udindo chifukwa sanaulule ubwenzi wake ndi mnzake wa pantchito, ndipo Stelter anayenera kuima pa kanema kufotokoza za kugwa kwa bwana amene anamulemba ntchito. Mu Epulo kampani inapita m'manja mwa eni atsopano, Warner Bros. Discovery, amene anatseka CNN+, kanema wa CNN wa pa intaneti, patangotha mwezi umodzi chiyambire, pomwe Stelter anali ndi pulogalamu ya tsiku ndi tsiku. Mmodzi mwa anthu amphamvu pa kampani yatsopanoyo, John Malone, anali atanena kale poyera kuti akufuna CNN ibwerere ku utolankhani umene inayamba nawo, ndipo Stelter anali atamutsutsa poyera. Bwana watsopano, Chris Licht, anabwera ndi cholinga chochepetsa mkangano wa ndale pa tchanelocho. Reliable Sources inaulutsidwa komaliza pa 21 Ogasiti 2022, itatha zaka 30.

Ndiye mukawayankha malume anu, muwauze kuti sanachotsedwe chifukwa cha bodza kapena miseche. Eni anasintha, njira inasintha, ndipo iye anali nkhope ya njira yakaleyo.

Zimene anachita atachoka ndi zimene ndimakonda kuuza ophunzira. Anapita kwa kanthawi ku yunivesite ya Harvard, analembera magazini ya Vanity Fair, ndipo anabwerera ku ntchito ya mapepala. Kampani ya makina ovotera ya Dominion inali itasumira Fox News chifukwa choulutsa zoti makinawo anabera Trump chisankho cha 2020. Mlanduwo unatulutsa poyera mauthenga a m'mafoni ndi maimelo oonetsa kuti aulutsi ndi mabwana ena a ku Fox sankakhulupirira zimene zinkanenedwa pa tchanelo chawo, koma ankaopa kuti oonera athawira ku tchanelo china chotchedwa Newsmax. Mu Epulo 2023 Fox inavomera kulipira madola 787.5 miliyoni mlandu usanayambe kuzengedwa. Stelter anawerenga mulu wa mapepala a kukhotiwo n'kulembapo buku lomwe linatuluka kumapeto kwa chaka chimenecho. Licht naye sanakhalitse, anachoka mu Juni 2023. Ndipo Oliver Darcy, amene ankalemba kalata ya Reliable Sources ya pa imelo yomwe kale inali ya Stelter, atachoka mu Ogasiti 2024 kukayambitsa yakeyake yotchedwa Status, CNN inaitananso Stelter mu Sepitembala kuti akhale mkulu wowunika za nyumba zofalitsa nkhani. Pulogalamu ya Lamlungu sinabwerere, koma kalata ija, yofanana kwambiri ndi zimene ankachita ali ku Towson, inabwerera m'manja mwake.

Tsopano tibwere kwa inu. Mwandiuza kuti mumalemba amene wafunsa bwino ndi amene wanyengerera nduna. Zimenezo ndi ndemanga, ndipo ndemanga aliyense wokhala ndi foni ali nayo. Ngati tsamba lanu likhala la ndemanga zokha, malume anu adzakhala atalondola, chifukwa akonzi adzakukumbukirani ngati mtsikana amene anawanyoza. Chimene chingakusiyanitseni ndi kubweretsa chinthu chimene wowerenga sakanachidziwa popanda inu. Kuno ziwerengero za oonera sizituluka poyera tsiku ndi tsiku monga za Nielsen, koma mukhoza kupanga manambala anuanu. Khalani ndi kope ndi wotchi, muonere nkhani za madzulo pa MBC, Times ndi Zodiak kwa mwezi wathunthu. Lembani nkhani imene yatsogola, mphindi zimene chipani chilichonse chapatsidwa, amayi angati afunsidwa ngati akatswiri, nkhani zingati zachokera kunja kwa mizinda, zingati zangochokera pa msonkhano wa atolankhani. Kenako lembani zimene mwapeza popanda mawu onyoza. Mkonzi akhoza kukwiya ndi ndemanga, koma ndi mphindi zowerengedwa sangakangane nazo, ndipo ena mwa iwo adzayamba kukuwerengani mwakachetechete. Phunziraninso mwini wa nyumba iliyonse, amene amatsatsapo malonda kwambiri, ndi zimene MACRA imafuna popereka chiphaso.

Anthu akayamba kukutsinani khutu, ndipo adzayamba ndithu, samalani. Wotumiza uthenga mobisa nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa chake: anamudumpha pokweza anthu, anakangana ndi bwana, kapena akufuna mpando wa mnzake. Zimenezi sizitanthauza kuti akunama, koma zitanthauza kuti akukupatsani theka. Mnyamata wina amene ndinkamuyang'anira anabwera nayo yotentha, yochokera pa WhatsApp, yoti muulutsi wina wachotsedwa chifukwa cha ndalama. Ndinamuuza kuti aimbire mwiniwakeyo tisanalembe chilichonse. Anachita manyazi, anazengereza, kenako anaimba. Mayiyo anali pa tchuthi chodwazika kholo lake, ndipo sabata yotsatira anaonekanso pa kanema. Lamulo lake ndi lakale lomwe lija: anthu awiri osadziwana, pepala ngati lilipo, ndi kumufunsa munthu amene mukumulemba, n'kumupatsa nthawi yokwanira yoyankhira. Za moyo wa m'nyumba mwa munthu zisiyeni pokhapokha ngati zakhudza ntchito yake, monga zinachitikira ndi Zucker.

Pali kusiyana kuwiri pakati pa kwa Stelter ndi kwathu kumene simuyenera kukuiwala. Koyamba ndi malamulo. Ku America, kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu cha mu 1964 pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan, munthu waudindo akafuna kupambana mlandu woipitsiridwa mbiri ayenera kuonetsa kuti wolembayo ankadziwa kuti ndi bodza, kapena sanasamale n'komwe ngati ndi zoona. Ndi mpanda wautali kwambiri, ndipo umateteza atolankhani a kumeneko. Inu musaganize kuti muli kuseri kwa mpanda womwewo. Kuno munthu akhoza kukusumirani kufuna chipukuta misozi, ndipo lamulo la mu 2016 la zochitika pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene analemba. Kwachiwiri ndi kukula kwa msika. Stelter atachotsedwa anali ndi makomo ambiri ogogodapo. Kwathu nyumba zofalitsa nkhani ndi zowerengeka, ndipo amene mwamudzudzula lero akhoza kukhala pa gulu lokufunsani mafunso a ntchito chaka chamawa. Ichi ndicho chenicheni chimene malume anu akuopa, ndipo ndi chifukwa chake ndikulimbikira kuti muzidzudzula ntchito, osati munthu, ndiponso muziyamikira poyera pamene wina wachita bwino.

Funso loti mubise dzina kapena ayi limabwera kawirikawiri. Stelter anabisa kwa miyezi yochepa chabe, ndipo anabisa msinkhu wake, osati kuti azitukwana momasuka. Ine ndingakulangizeni kulemba ndi dzina lanu. Kumakukakamizani kulemba zokhazo zimene mungathe kuzibwereza mwiniwake ali patsogolo panu.

Mukadzalembedwa ntchito pa nyumba ina, tsambalo mudzalitchule tsiku loyamba lomwe, musadikire kuti alitulukire okha. Mudzagwirizane ndi mkonzi ngati mupitirize, ndipo ngati mupitirize, mudzachita bwanji nkhani ikakhudza nyumba yanuyo. Njira zilipo zitatu: kulemba za onse kuphatikizapo bwana wanu ndi muyeso umodzi, kuuza owerenga poyera kuti za kwanu simudzalemba ndipo chifukwa chake ndi ichi, kapena kuimika tsambalo. Yoyambayo ndi yovuta kwambiri, ndipo mwaona mmene inamuvutira munthu wa zaka zambiri pa ntchitoyi. Kwa woyamba kumene ndimalangiza yachiwiri. Choipitsitsa ndi kunamizira kuti mulibe mbali pamene owerenga akudziwa kumene mumalandira malipiro.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kuyenda nokha. Nkhani ikakhala yonena kuti munthu waba, walandira ziphuphu kapena wachitira wina nkhanza, musaiike pa Facebook musanaonetse mkonzi wodziwa ntchito kapena mphunzitsi wanu, ndipo ngati n'kotheka loya. Nkhani zotere ku America zimatuluka zitadutsa m'manja mwa akonzi ndi maloya ambiri. Imene inagwetsa muulutsi Bill O'Reilly ku Fox mu 2017, yoti panalipiridwa madola pafupifupi 13 miliyoni kwa amayi asanu, atolankhani a New York Times anaifufuza kwa miyezi yambiri. Mukalandira kalata ya loya, musayankhe pa tsamba ndipo musafufute chilichonse musanalankhule ndi wodziwa malamulo. Mukaopsezedwa kapena kuitanidwa ku polisi chifukwa cha zolemba zanu, dziwitsani mwamsanga a MISA Malawi, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani. Wina akadandaula kuti mwamulakwira, a Media Council of Malawi alipo pa nkhani za madandaulo ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Ndipo poti ndinu mtsikana, ndinene mosabisa kuti chipongwe cha pa intaneti chimagwera amayi mowirikiza, ndipo chimalunjika pa thupi ndi banja osati pa zimene mwalemba. Sungani zithunzi za mauthenga otere, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo mukaona kuti tulo tasowa kapena mukuopa kutsegula foni, pumulani kaye ndipo mukaonane ndi mlangizi.

Pitirizani, koma musasiye kufunafuna ntchito ya utolankhani wamba, ya kukhoti, ya kumsika, ya ku Nyumba ya Malamulo, chifukwa wowunika amene sanathamangepo ndi nkhani nthawi itatha amaweruza anzake mopanda chifundo ndiponso mopanda nzeru. Malume anuwo musakangane nawo. Akhala m'nyumba youlutsira mawu, akudziwa mmene nkhani imasankhidwira, amene amaimba foni nkhani isanaulutsidwe, ndi chifukwa chimene mafunso ena safunsidwa. Apempheni akufotokozereni zimenezo, ndipo mukamaliza kuwerenga mphindi za mwezi woyamba uja, muwaonetse iwo poyamba musanaike pa tsamba.